Digiri ili m'manja koma olemba ntchito akuti sitidziwa kanthu: zokambirana pa gulu la ana a ku Kasungu

Mwale wa Soya: Mwaswera bwanji abale pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe ena iwawawa, koma ndiinena basi. Nyengo yogula soya ndi mtedza yayandikira, ndiye ndimafuna mwana woti azindisungira mabuku ku shedi yanga pa boma pano. Nditalengeza pa Facebook makalata anabwera mulu, ambiri a madigiri, ena a zaulimi, ena a zamalonda. Amene ndinawaitana sindinawafunse zambiri. Ndinangowapatsa laputopu ndi kabuku ka malisiti a sabata imodzi ya chaka chatha, n'kuwauza kuti andiuze matumba amene analowa, amene anatuluka, amene atsala, ndiponso kuti tikachotsa kulemera kwa saka tagula makilogalamu angati pa ndalama zingati. Thukuta linatuluka. Wina anatulutsa foni n'kuyamba kuwonkhetsa mzere umodziumodzi, Excel, pulogalamu yowerengera ya pa laputopupo, ili chitsegulire patsogolo pake. Ndiye ndifunse, zaka zinayi za ku koleji ana athuwa akukaphunzirako chiyani?

Yamie: Kkkk lero kuyaka moto pano.

Nabanda: Pepani bambo Mwale, ndiyankhe ngati mwana wanu. Pa chilengezo chanu chija malipiro munalembapo zingati?

Mwale wa Soya: Sindinalembe. Zimenezo timakambirana munthu akapambana.

Nabanda: Ndiye poyambira ndi pamenepo. Amene amaidziwa bwino Excel akaona chilengezo chopanda malipiro salemba n'komwe, amadziwiratu kuti ndalama yake sikwana lendi ndi ufa. Koma ndisathawe funso lanu. Ine digiri yanga ndi ya zamalonda a ulimi, chimalizireni ndili kwathu ku Santhe. Kompyuta tinaphunzira chaka choyamba chokha. Tinali ochuluka, makompyuta ochepa, ena owonongeka. Umaima kumbuyo kwa mnzako n'kumaonerera iye akudina. Mayeso ake tinalemba papepala, kufotokoza ubwino wa Excel, ndipo ndinakhoza bwino ndithu. Laputopu yangayanga ndinalibe, ngongole ya ku Loans Board inkathera chakudya ndi malo ogona. Ndiye mukandikhazika pa mpando wanuwo lero, nanenso thukuta lituluka. Mlandu ndi wanga?

Mwale wa Soya: Mlandu sindikuika pa iwe mwana wanga. Koma nanenso ndalama yoti ndizikulipira uku ukuphunzirira pa katundu wanga ndilibe. Mabuku akasokonekera woluza ndine.

Aphunzitsi Opuma a ku Chamama: Ana inu, ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono, nkhalamba sitichedwa kutero. M'masiku athu yunivesite inali imodzi, University of Malawi, yomwe inayamba kuphunzitsa mu 1965. Ya ku Mzuzu inadzabwera cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Omaliza anali ochepa moti boma, ADMARC, mabanki ndi makampani a Press ankachita kuwadikirira. Olemba ntchito ankadziwa kuti mwanayo abwera wosadziwa ntchito, ndipo ankamuphunzitsa okha uku akumulipira. Panalibe womufunsa kuti wagwirapo kuti.

Mu 1994 pulayimale inakhala yaulere, ana anadzaza makalasi, anakwera n'kufika ku sekondale, kenako ku koleji. Lero mayunivesite a boma alipo 6: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, osawerengera a mipingo ndi a anthu wamba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tapitirira 17.5 miliyoni, theka lake ana osafika zaka 18. Nanga malo antchito anachuluka chimodzimodzi? Inu nomwe mukuona maesiteti a fodya a kuno kwathu, amene kale ankalemba makalaliki ndi mamanijala, mmene ambiri alili lero. Ndiye wolemba ntchito wasanduka wosankha. Ntchito yophunzitsa ija anaikankhira ku koleji, koleji nayo inaikankhira kwa mwana. A Mwale, inu nomwe amene anakuphunzitsani kusunga mabuku ndani?

Mwale wa Soya: Mmwenye wina amene ndinkamugwirira ntchito m'sitolo ndili mnyamata, aphunzitsi. Ankakalipa koma ankaphunzitsa.

Aphunzitsi Opuma a ku Chamama: Ehe. Ndiye mwaona. Koma chimodzi ndikuvomerezeni. Makalata ofunsira ntchito amene adzukulu amandibweretsera kuti ndiwaonere amandidwalitsa mutu. Chingerezi chake sichimveka, ukamuuza kuti chabwino fotokoza m'Chichewa, nachonso sichimveka. Izi sizinayambire ku koleji. Mwana amene anaphunzira kulemba m'kalasi ya ana oposa 100, mphunzitsi mmodzi, kope lake silinachongedwepo bwinobwino.

Chisale wa Sola: Ine ndinene zanga osaopa. Mapointi anga a MSCE sanakwane ku yunivesite, ndiye ndinapita ku sukulu ya ntchito zamanja kukaphunzira zamagetsi. Abale ankandimvera chisoni ngati ndaferedwa. Lero ndimaika mapampu a sola m'madimba a m'mbali mwa Bua ndi Dwangwa, ndipo chilimwe chikafika ntchito imachita kundithamangitsa. Kumeneko sakupatsa satifiketi chifukwa wafotokoza bwino mmene amalumikizira mawaya. Umalumikiza, mphunzitsi ayatse, babu likapanda kuyaka ubwereza. Komanso miyezi ina umakaithera kuntchito yeniyeni, m'manja mwa mmisiri. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo olemba ntchito amasonkha 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti maphunziro amenewa aziyenda. Masukulu alipo, Namitete pamsewu wa ku Mchinji, Lilongwe, Salima, Mzuzu. Bwanji mayunivesite satengerako njira imeneyi?

Mayi a Tamanda: A Chisale, zanu zikuyenda tithokoze Mulungu. Koma ine ndi bambo ake a Tamanda takhala tikutumiza mabelo ku Chinkhoma zaka zonsezi, fodya wina kubwezedwa, wina kugulidwa motchipa, kuti mwana adzakhale pa ofesi. Ng'ombe tinagulitsa. Lero mundiuze kuti azikwera padenga ndi mawaya? Anthu a kuno ku Chulu atiseka, ati sukulu yonse ija mathero ake ndi amenewa. Mwana ali m'nyumba muno, masana kugona, usiku ali pa foni. Mtima umandiwawa abale.

Chisale wa Sola: Mayi, pepani ngati ndalasa pachilonda. Sindimanyoza digiri ayi.

Gift K: Abale soya ayamba pa bwanji chaka chino?

Admin: Achimwene a Gift, za mitengo muwafunse a Mwale kumbali. Tisasokoneze nkhani.

Nangondo: Mayi a Tamanda, ndakumvani, nanenso ndinaphunzira ndi ndalama ya fodya, kwathu ndi ku Nkhamenya. Ndimagwira ntchito yolemba anthu ntchito ku bungwe lina lomwe si la boma ku Lilongwe, ndiye ndikuuzeni zimene zimachitika tikatseka chitseko. Digiri imangokulowetsa pa mulu woyamba, chifukwa aliyense pa muluwo ali nayo. Mapuloje ambiri ali kumidzi, ndiye chimene ndimayamba kuyang'ana ndi chakuti kodi munthuyu ali ndi laisensi ya njinga yamoto. Ambiri alibe, makamaka atsikana, ndipo malo amapita kwa wa dipuloma amene ali nayo. Kenako timamupatsa tabuleti kuti atolere mayankho pa KoboToolbox. Ndi pulogalamu yoti munthu atha kuiphunzira yekha pa foni osalipira, koma ambiri amaimva koyamba tsiku la intavyu.

Koma pamene pamagwera anthu ambiri ndi apa. Timamuuza kuti tayerekeza ife ndife alimi a m'mudzi mwanu, tafotokozereni kuipa kothira madzi mtedza pofuna kuusenda. Mwana amayamba Chingerezi cha m'buku, mawu aataliatali. Timati ayi, agogo anu amva? Amangoti kakasi. Chonsecho nkhani yake ndi yapafupi: mtedza ukanyowa umachita chuku, chukucho chili ndi poizoni wodwalitsa chiwindi, ndipo ogula akunja akaupeza amabweza katundu yense. Amene anganene zimenezi m'Chichewa chomveka, kapena m'Chitumbuka akapita cha kwathu kumpoto kwa bomali, n'kubwerera kudzalemba lipoti la tsamba limodzi loti bwana awerenge osafunsanso, ameneyo ine ndimamutenga tsiku lomwelo.

Nabanda: Asisi, zonsezo ndamva ndipo za Kobo ndiyamba usiku uno. Koma tinenenso chilungamo. Malo ena amalengezedwa mwini wake atapezeka kale. Timangoitanidwa kudzakwaniritsa mwambo.

Nangondo: Sindikana mng'ono wanga, kudziwana kulipo ndipo kumanyansa. Koma si malo onse. Ndipo ngakhale wolowera pawindo, lipoti likamukanika miyezi itatu timamuona.

Yamie: Amakhalabe koma kkkk. Amalume ake ndi abwana.

A Phiri a ku Yunivesite: Ndakhala ndikuwerenga chete. Ndine mmodzi wa amene mukuwazenga mlandu pano, ndiye ndiyankheko. Zimene wanena Nabanda za makompyuta sindingazitsutse. Koma mudziwe mmene maphunziro amasinthidwira. Dipatimenti ilembe, zipite kumakomiti, zikafike ku seneti, ndipo pulogalamu iyenera kuvomerezedwanso ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Pofika poti mwana woyamba wa ndondomeko yatsopanoyo avale gauni, zaka zinayi zinanso zadutsa, msika unasuntha kalekale. Pokonza ndondomekozo timaitana olemba ntchito, koma mabwana enieni sabwera. Amatumiza mwana amene analembedwa dzulo, adye nkhomaliro, asayinire alawansi, azipita. Amalonda ngati a Mwale saganiziridwa n'komwe, chonsecho ntchito zambiri m'dziko muno zili kwa anthu ngati iwowa, osati kumabanki.

Koma pena pake sindigwirizana nanu. Yunivesite si malo ophunzitsira kudina mabatani a pulogalamu imodzi. Lero ndi Excel, Sage, QuickBooks, mawa kubwera zina. Ntchito yathu ndi yoti mwana adziwe chifukwa chake mabuku ayenera kugwirizana, ndipo akapanda kugwirizana adziwe pokafufuza.

Mwale wa Soya: Adokotala, pokafufuzapo ndi pamene ana anuwo sanapadziwe. Za Excel ndikanakhululuka. Wina akanangotenga pensulo n'kundijambulira mizere itatu, zolowa, zotuluka, zotsala, ndikanamulemba. Palibe anatero.

A Phiri a ku Yunivesite: Pamenepo ndiye pali nkhani yeniyeni, a Mwale. Anawo amaidziwa mizere itatuyo, analembapo mayeso. Chinawasokoneza ndi kabuku kanu. Zitsanzo za m'mabuku athu n'zoyera, manambala onse alipo, ndalama zake madola, kampani yake ya ku America. Kabuku kanu ndikhulupirira kali ndi tsamba long'ambika, lisiti ina yolembedwa kawiri, pena kalaliki analemba matumba, pena makilogalamu, mlimi wina anatenga ndalama theka. Mwana amene sanaonepo zoterezi amaganiza kuti wosadziwa ndi iyeyo, mantha n'kumugwira. Ine chaka ndi chaka ndimapempha amalonda kuti andibwereke mabuku awo akale, tifufute mayina, ana aphunzirirepo. Onse amakana. Amaopa kuti zikafika ku MRA.

Mwale wa Soya: Kkkk adokotala za MRA tisazitchule pagulu.

Jere wa pa Boda: Moni kwa onse kuchokera kuno ku Mchinji, ndine mwana wa kwa Wimbe. Ine ndimathandiza amalonda kuombola katundu pa chipata cha Mwami. Ndikugwirizana ndi adokotala pa mfundo yoti zinthu sizikhalitsa. Pamene ndinkayamba, mapepala tinkayenda nawo pamanja ofesi ndi ofesi, mbali ya Malawi kenako ya Zambia. Lero zonse timalowetsa mu ASYCUDA World, pulogalamu ya pa kompyuta yoombolera katundu pa boda, ndipo kuyambira Disembala 2022 pali chipata chimodzi choimapo kamodzi. Anzanga ena amene ankadalira kudziwana ndi anthu a m'maofesi koma kompyuta osaifuna, pano akugulitsa mayunitsi. Ana a madigiri ndawalandirapo angapo. Amene amakhalitsa si amene anakhoza kwambiri. Ndi amene ukamupatsa buku la manambala a katundu amakhala nalo pansi mpaka adziwe kuti soya wambewu ndi soya wokagaya salowa pa nambala imodzi, ndipo akakayika amafunsa asanatumize. Nambala imodzi yolakwika, lole igona pa boda, mwini katundu akulipira tsiku lililonse.

China n'chakuti mwana azitsatira nkhani. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mnyamata wina amene ndinali naye anapitiriza kuwerengera makasitomala msonkho pa mtengo wakale wa dola. Wa digiri ya zachuma ameneyo. Wailesi samvera, nyuzi sawerenga, koma za mpira wa ku England mufunseni.

Yamie: Akuluakulu, ine ndinaphunzira za makompyuta ndipo mundilole ndiponye mwala. Mukukangana za Excel ngati tili mu 2010. Lero kabuku ka a Mwale ndikhoza kukajambula ndi foni, n'kupatsa ChatGPT, mphindi zochepa tebulo latuluka. Funso ndi la olemba ntchito a mawa, si a dzulo. Ntchito ya ukalaliki imene mukuikanganirayi mwina zaka zikubwerazi kudzakhala kulibe. Ndiye tiwakonzekeretse ana ntchito yoti ikufa?

Mwale wa Soya: Iwe Yamie, makina akowo akaona lisiti yolembedwa matumba 40 kuchokera kwa mlimi wa munda wa ekala imodzi, adziwa kuti pali bodza?

Yamie: Sadziwa bambo, pokhapokha mutawauza kukula kwa mundawo.

Mwale wa Soya: Basi. Ine ndikufuna munthu amene aime n'kunena kuti bwana, apa sipali bwino. Soya ameneyu mwina wagulidwa kwa mavenda, mwina kalaliki wa pa sikelo wagwirizana ndi mlimi. Nanga kuluma njere kuti umve ngati yauma, makinawo ali ndi mano?

A Phiri a ku Yunivesite: Nonse awiri mukunena zoona ndipo simukutsutsana. Kuwonkhetsa makina atilanda, ndipo atilande. Chotsala ndi kudziwa ngati yankho lili la nzeru, ndipo zimenezo zimafuna munthu amene anaimapo pa sikelo. Panopa ana amandibweretsera ntchito yosalala bwino, Chingerezi chopanda chilema, koma ndikamuimitsa kuti tafotokoza ndime yachiwiriyi, maso pansi. Ndiye ndinayamba kuwafunsa pakamwa mmodzimmodzi. Kalasi ikakhala ya ana mazana, ganizirani nokha nthawi yake. Kuwaletsa makinawa sikungathandize, kuntchito akawapeza. Koma wogwiritsa ntchito makina asanadziwe ntchitoyo sangaone pamene makinawo anama, ndipo amanama ndithu, mopanda manyazi.

Aphunzitsi Opuma a ku Chamama: Pa Mtunthama pomwepa Kamuzu Academy inatsegulidwa mu 1981, ana akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Anthu ankafunsa kuti Chilatini adzadya nacho chiyani. Koma ambiri a iwo anakakhala madokotala, maloya, mainjiniya. Sindikuti tibwerere ku Chilatini. Ndikuti mwana amene wazolowera kulimbana ndi chinthu chovuta mpaka achimvetse, mukamupatsa ASYCUDA ya a Jere sathawa.

Chisale wa Sola: Aphunzitsi, ana a pa Academy aja analinso ndi chakudya chabwino, mabuku ndi aphunzitsi okwanira. Tisaiwale zimenezo.

Aphunzitsi Opuma a ku Chamama: Wanena zoona mwana wanga.

Nabanda: Ndiye aliyense pano akuvomereza kuti ntchito imaphunziridwa pantchito. Chabwino. Pantchitopo tilowa bwanji? Nthawi ya attachment, yokaphunzira ntchito tisanamalize koleji, timauzidwa kuti aliyense adzipezere yekha malo. Amene ali ndi achibale ku Area 47 amapeza, ogona ali nawo. Ine wa ku Santhe ndinapeza malo ku ofesi ina, ndalama yoyendera yanga, chakudya changa, ndipo ntchito imene ndinagwira ndi kujambula mapepala ndi kukagulira mabwana chips. Kompyuta sankandilola kuigwira, ati ndiononga. Pomaliza anandisayinira fomu kuti ndachita bwino kwambiri. Boma linayambitsa internship, yoti omaliza koleji aziphunzirira pantchito, mu 2018, poyamba ankapereka K80,000 pamwezi, ena inawathandiza ndithu, koma malo ndi ochepa poyerekeza ndi omaliza chaka chilichonse. Kumapeto kwa 2023 tinaona achinyamata akukwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Anthu ankafunsa kuti bwanji osalima konkuno. Kumeneko amalipidwa, ndi yankho lake.

Ndiye bambo Mwale, m'malo modandaula pagulu, tsegulani shedi yanuyo. Nthawi ya tchuthi mutenge ana awiri a konkuno amene ali m'makoleji, aime pa sikelo, alembe malisiti, madzulo agwirizanitse mabuku inu mukuona. Ogona ali nawo kwa makolo awo. Chaka chamawa simudzafunikanso kulengeza pa Facebook.

Mwale wa Soya: Mwana iwe uli ndi pakamwa kkkk. Vuto langa ndi ili. Mwana ndimuphunzitse, adziwe alimi anga, adziwe kumene ndimagulitsa ndi mitengo yanga, chaka chamawa atenge ngongole n'kudzaika sikelo yake pafupi ndi yanga. Zinandichitikirapo.

Jere wa pa Boda: Achimwene, nanunso Mmwenye uja munamuchita zomwezo.

Yamie: Kkkkkk a Jere mwapha munthu.

Mwale wa Soya: A Jere ndikupezani. Chabwino, awiri ndingathe. Koma malipiro ayi. Nsima ya masana adya nafe, basi.

Nangondo: A Mwale, pamenepo ndiye ayi. Mwana akaima pa sikelo tsiku lonse wagwira ntchito, ndipo ntchito imalipidwa. Mukapanda kumupatsa ngakhale ya kabaza ndi sopo, abwera ndi ana a anthu opeza bwino okha, wa ku Chulu sangakwanitse. Komanso munthu wosalipidwa amene akugwira ndalama za eni, mukumuika pa mayesero nokha. Ikasowa K20,000 mudzati ana a masiku ano ndi akuba.

Chisale wa Sola: Ine anyamata amene ndimayenda nawo ndimawapatsa kenakake pa ntchito iliyonse imene tamaliza. Sizambiri koma sabwerera chimanjamanja. Ndipo kunena zoona wa digiri ndikumufuna. Mabungwe akamafuna woika mapampu m'masikimu a mthirira amafuna mapepala olembedwa bwino, bajeti, ndondomeko ya ntchito. Ine zimenezo zimandivuta, ntchito zikuluzikulu zimandidutsa n'kupita kwa anthu a ku Lilongwe, kenako iwowo adzandilembe ine ganyu. Nditapeza mwana wodziwa kulemba amenenso saopa dzuwa, tikhoza kugawana.

A Phiri a ku Yunivesite: Izi ndi zimene Malawi 2063, ndondomeko ya chitukuko cha dziko lino, imanena m'mawu akuluakulu, ulimi wa malonda, mafakitale, mizinda. Chikhazikitsireni mu Januwale 2021 misonkhano yachitika yambiri m'mahotela, koma sindinamvepo wina akufunsa kuti makopaletivi, mashedi ndi amisiri a pa Kasungu angalandire ana angati pa tchuthi. Kumbali yanga, mwana akabwera ndi kalata yochokera kwa a Mwale kapena a Chisale yofotokoza zimene wagwira, ndikhoza kukaimenyera nkhondo ku dipatimenti kuti iwerengedwe ngati attachment. Sindikulonjeza, anzanga ena amafuna kampani ya dzina ndi chidindo chachikulu. Chimene ndingapemphe n'chakuti mwanayo apatsidwe ntchito yoti ili ndi mutu ndi mathero, yoti akalakwitsa ziwoneke, wina amukonze.

Nabanda: 2063 ine ndidzakhala agogo, adokotala. Tiyambe ndi tchuthi chikubwerachi. Nanga ife amene tinamaliza kale?

Mwale wa Soya: Iwe ubwere Loweruka m'mawa, shedi ili kuseri kwa msika, aliyense akulozera. Usavale za ku ofesi, kuli fumbi. Za sopo tikambirana, a Nangondo andiopseza.

Nabanda: Tikambirane ndisanakwere minibasi bambo. Kuchokera ku Santhe si ulere.

Mwale wa Soya: Yoyendera ndibweza. Zinazo ndione kaye ntchito.

Nangondo: Mng'ono wanga, chilichonse mungagwirizane chilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pomwepa. Ndipo uzisunga kope lako la zimene wachita tsiku lililonse, matani angati wayeza, alimi angati walipira, cholakwika chanji wapeza. Pa CV zimenezo zimalemera kuposa mndandanda wa maphunziro amene aliyense ali nawo.

Mayi a Tamanda: A Chisale, ndafunsa ndine. Tamanda digiri yake ndi ya zachitukuko cha kumidzi, kulemba amalemba bwino, aphunzitsi ake ankamuyamikira. Ndi mtsikana koma. Ntchito yanuyo angaithe?

Chisale wa Sola: Mayi, m'kalasi mwathu munali atsikana ndipo wina ankatiposa tonse. Padenga sindimukweza tsiku loyamba. Ayambe ndi kuyenda nane m'madimba, aone mmene timayezera kuya kwa chitsime ndi kukula kwa munda tisanasankhe pampu, chifukwa sangalembe bajeti ya chinthu chimene sanachione. Koma afune yekha, osati mumukakamize.

Mayi a Tamanda: Mwanayo ndimudziwa, atha kuvomera, kukhala kwamutopetsa. Ovuta ndi bambo ake. Iwo amafuna tayi ndi galimoto ya boma basi. Ndiyankhula nawo akabwera kudimba.

Chisale wa Sola: Akavuta mundiuze ndibwere ndi njinga Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ndidzawaonetse ndekha mapepala a ntchito zimene zakhala zikundidutsa.

Gift K: Ndiye soya ndi bwanji abale, a Mwale sakuyankha kumbali.